Mafunso ndi mayankho: Charles Courtney, kalipentala amene bwato lake analicheka ndi sowo usiku

Ukatchula mpikisano wopalasa bwato anthu ambiri amangoseka, amati amenewo ndi masewera oonera pa TV nthawi ya Olympics basi, akatha n'kuwaiwala. Koma cha m'ma 1870 ndi 1880 ku America, Canada, England ndi Australia, katswiri wopalasa ankatchuka ngati mmene amatchukira osewera mpira lero, ndalama zinkayenda zoopsa, kubetcha kunali kosayamba, ndipo pamene pali kubetcha chinyengo sichikhala patali. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza mmodzi wa akatswiri a nthawi imeneyo.

Kodi Courtney ameneyu anali ndani?

Dzina lonse ndi Charles Edward Courtney. Anabadwa pa 13 November 1849 m'katauni kotchedwa Union Springs, m'mphepete mwa nyanja ya Cayuga m'chigawo cha New York, ndipo anamwalira pa 17 July 1920 m'mphepete mwa nyanja yomweyo. Ntchito yake yamanja anali kalipentala. Moyo wake uli pawiri: poyamba anali wopalasa yekha pamipikisano, kenako kuyambira 1883 anakhala kochi wa timu yopalasa ya pa yunivesite ya Cornell mpaka imfa yake, zaka 37. Chigawo choyambacho chinatha ndi manyazi aakulu, manyuzipepala akumunena kuti ndi wamantha komanso wogulitsa mipikisano. Chachiwiricho ndi chimene chinamupatsa ulemu, moti ana asukulu ankangomutchula kuti "Old Man", kunena kwake mdala, ndipo ukangoti mdala pa Cornell aliyense ankadziwa kuti ukunena ndani.

Kupalasa kwake n'kofanana ndi kwa asodzi akunyanja kuno?

Ayi, n'kosiyana kwambiri, ndipo ndi bwino tiyambe talongosola zimenezi kuti zinazo zimveke. Msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amakhala pabwato lake losema atayang'ana kumene akupita, nkhafi imodzi ili m'manja, akukoka madzi mbali iyi kenako mbali inayo. Awa ampikisano amakhala atafulatira kumene akupita, akuona kumene achokera. Nkhafi zawo n'zazitali ndipo sizikhala m'manja mokha, zimakolekedwa pa tizitsulo totulukira kunja m'mbali mwa bwato. Wopalasa yekha amagwira nkhafi ziwiri. Mu bwato la anthu 8 aliyense amagwira imodzi ndi manja onse awiri, ndiye kumakhala kamunthu kachi 9 kopepuka kamene kamawongolera ndi kukuwa malamulo, ndi iko kokha kamene kamaona kutsogolo.

Bwato lenilenilo ukaliona ungaseke. La munthu mmodzi limatalika mamita 8 kapena kuposerapo pang'ono koma m'lifupi mwake ndi pongokwana matako basi, simungaikemo ngakhale dengu la usipa, ndipo ukangoyetsemula molakwika wagubuduka. Chinanso ndi mpando. Cha m'ma 1870 kunabwera mpando woyenda kutsogolo ndi kumbuyo, kuti munthu azikankha ndi miyendo m'malo modalira mikono ndi msana pokha. Usanabwere mpandowu ena ankapaka mafuta pathabwa lokhalapo ndi kumbuyo kwa kabudula kuti azitsetsereka, tangoganizani fungo lake dzuwa likaswa mtengo. Courtney anakulira m'nthawi imene zinthuzi zinkasintha kumene.

Anayamba bwanji?

Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 6, ndiye sanakulire pa mkeka wofewa. Nyanja inali pakhomo, Cayuga ndi yaitali pafupifupi makilomita 60 koma yopyapyala ngati chala, ndipo ana a pa Union Springs ankasewera m'madzi mmene ana a m'mbali mwa nyanja kulikonse amachitira. Ali ndi zaka 12 anakhoma bwato lake loyamba ndi matabwa otola. Linali lodontha paliponse, ndiye anamata ming'aluyo ndi dongo. Dongo m'madzi mukudziwa kale zimene limachita. Iye ndi anzake anasandutsa vutolo masewera, ankasinthana kukwera kuti aone amene afike patali bwatolo lisanamire.

Mpikisano wake woyamba weniweni unali mu 1868 pa Aurora, katauni kena ka pa nyanja yomweyo. Anapita ndi bwato lokhoma yekha, lolemera, pamene anzake anabwera ndi mabwato enieni ampikisano opepuka, anthu n'kumamuseka. Anawasiya kutali onsewo. Kuchokera pamenepo ankagwira ukalipentala masana, madzulo ali pamadzi, ndipo luso la matabwalo silinamuchoke, mpaka ukalamba ankadziwa kuyang'ana bwato n'kuona kuti nkhafi yakolekedwa motsika kapena mokwera kwa munthu wakutiwakuti.

Ndi zoona kuti sanagonjepo mipikisano 88?

Chiwerengero chimene chimatchulidwa ndi chimenecho, mipikisano 88 osagonja ngakhale umodzi, pa nthawi imene ankapalasa wosalandira ndalama. Mu 1875 anatenga ukatswiri wa dziko lonse la America wa opalasa okha, ndipo mu 1876 anapambananso ku Philadelphia pa mipikisano yokondwerera kuti dzikolo latha zaka 100 lili lodzilamulira.

Apa pakufunika kumvetsa kuti nthawi imeneyo opalasa anali m'magulu awiri ndipo mpanda wake unali wautali. Gulu lina linali la opalasira chikho ndi ulemu chabe, lina la opalasira ndalama. Ukangolandira ndalama kamodzi basi wawoloka, kubwerera kunalibe. Courtney anawoloka mu 1877, ndipo pambuyo pake ankadandaula nalo ganizo limeneli. Koma nanga kalipentala wakumudzi akanatani, anzake akumuuza kuti mpikisano umodzi ungamupatse ndalama zoposa zimene angapeze zaka zingapo akupala matabwa?

Chaka chomwecho zinayamba kununkha. Anayenera kupikisana ndi James Riley pa nyanja ya Greenwood, ndiye atamwa tiyi wozizira pa hotela anadwala mwadzidzidzi osathanso kupalasa. A mbali yake anati wina anathiramo mankhwala. Ena anayamba kunong'ona kuti mkuluyu akaona kuti zavuta amapeza chifukwa. Manong'onong'o amenewa ndi amene anadzakula.

Ndamva kuti ankapalasa bwato la pepala, ndi nthabwala?

Si nthabwala. Ku Troy, m'chigawo cha New York chomwecho, kunali kampani ya banja la Waters imene inkapanga mabwato ampikisano ndi mapepala, kuwamata mosanjikiza pa chikombole kenako kupaka vanishi kuti madzi asalowe. Ankatuluka olimba bwinobwino, osalala komanso opepuka, ndipo m'ma 1870 akatswiri ambiri ku America ankawakonda, Courtney mmodzi mwa iwo. Anadzatha fasho anthu atabwerera ku matabwa opyapyala a mkungudza. Kaya la pepala kaya la thabwa, khungu la bwato lotere ndi lopyapyala zedi, munthu wokhala ndi sowo sangatuluke nalo thukuta.

Nanga Ned Hanlan akubwera pati?

Hanlan ndi amene anali munga wa moyo wa Courtney. Anali wa ku Toronto ku Canada, wobadwa mu 1855, ndipo anakulira pa zilumba za pafupi ndi mzindawo pamene bambo ake anali ndi hotela, ndiye kwa iye bwato linali ngati njinga, chopitira kulikonse. Anali wamfupi ndi wochepa thupi poyerekeza ndi Courtney, koma mpando woyenda uja anaudziwa kuposa wina aliyense, ankatambasula miyendo yonse n'kukoka nkhafi mtunda wautali mosapupuluma, anzake akuthamangitsa mikono iye akungoyandama. Analinso wamatama. Akatsogola ankatha kuima n'kumapukuta nkhope, kubayibitsa anthu kumtunda, kudikira mnzake kuti ayandikire kenako n'kumuthawanso.

Anakumana koyamba pa 3 October 1878 ku Lachine pafupi ndi Montreal, mtunda wa mamailosi 5, pafupifupi makilomita 8, kupita n'kukazungulira chizindikiro n'kubwerera. Hanlan anapambana koma mwa pang'ono kwambiri, ndipo umenewu unali umodzi mwa mipikisano yochepa imene anatuluka thukuta lenileni. Mmalo moti anthu a ku America amuyamikire munthu wawo kuti walimbana, amene anataya ndalama pobetcha anayamba kufalitsa kuti Courtney wagulitsa. Palibe anabweretsa umboni wogwirika, koma mbiri yoipa siyenda ndi umboni.

Tiuzeni za bwato lochekedwalo

Eya, nkhani yeniyeni ndi imeneyi. Anthu ankafuna kuti awiriwa abwerezenso, ndiye kunatulukira mkulu wina wabizinesi wa ku Rochester, Asa Soule, mwini kampani ya Hop Bitters. Hop Bitters anali mankhwala a m'botolo aja onenedwa kuti amachiza chilichonse, pamene mphamvu yake yambiri inali mowa umene unalimo. Soule anaika madola 6,000 kuti wopambana atenge, iye n'kupezerapo mwayi wotsatsa malonda ake. Malo anasankha nyanja ya Chautauqua pafupi ndi tauni ya Mayville, tsiku linali 16 October 1879.

Anthu anakhamukirako masauzande, sitima zapamtunda zapadera zikutsitsa anthu, malo ogona atadzaza mitengo yake itakwera, a njuga ndi opisa m'matumba nawonso atafika msanga ngati ntchentche. Ndiye kutacha m'mawa wa tsiku la mpikisano kunamveka kuti bwato la Courtney alicheka ndi sowo usiku m'nyumba yosungiramo mabwato. Amene ankayenera kulondera anali atachokapo. Anthu anamupempha kuti abwereke bwato lina, iye anakana, ponena kuti sangapikisane ndi munthu ngati Hanlan pa bwato losalizolowera. Kunena zoona chifukwa chimenechi chili ndi nzeru, bwato lotere amalikonza molingana ndi msinkhu ndi kulemera kwa mwini wake, koma uzani zimenezo munthu amene walipira sitima ndi malo ogona n'kubetchanso malipiro a mwezi wonse.

Woweruza analamula kuti Hanlan apalase yekha mtunda wonsewo, anapalasadi, n'kulengezedwa kuti wapambana. Atapita kukatenga ndalama zija anapeza kuti kulibe, a Hop Bitters anati iwo analonjeza kulipira mpikisano wa anthu awiri osati munthu mmodzi akuyenda yekha panyanja. Ndiye tsiku limenelo aliyense anabwerera kwawo chimanjamanja kupatula Soule, amene dzina la mankhwala ake linali m'nyuzipepala iliyonse kwa milungu.

Ndiye anacheka ndani?

Palibe amene anagwidwa kapena kuweruzidwa. A Courtney ankaloza a Hanlan, amati Hanlan sanali bwino m'thupi masiku amenewo chifukwa chosadzisamala ndiye anthu ake anaopa kutaya ndalama zimene anabetcha. A Hanlan ankaloza a Courtney, amati anachita mantha ndipo anthu ake omwe ndi amene anagwira sowo kuti amupulumutse. Mbali zonse ziwiri zinanenezananso kuti inzake inabwera mwamseri kudzapempha kuti agwirizane za wopambana mpikisano usanachitike. Courtney mpaka imfa yake ankakana kuti sanakhudzidwe.

Ine ndikaiona nkhaniyi chimene chimandivuta ndi choti munthuyu anali kalipentala wokonda mabwato, ndipo zimandikanika kumuona m'maganizo akudula yekha chinthu chimene ankachisisita tsiku ndi tsiku. Koma sizikutanthauza kuti amene anamuzungulira anali oyera, pa masewera a nthawi imeneyo wopalasa anali ngati tambala wa ndewu, eni ndalama ndi amene ankakonza zambiri kuseri. Anthu wamba sanavutike n'kuganiza zonsezi, anangoti kalipentala ndi sowo, nkhani yatha.

Anadzakumananso pamadzi?

Anakumananso pa 19 May 1880 pa mtsinje wa Potomac ku Washington, madola 6,000 omwe aja ali pamzere. Anthu amene anabwera kudzaonera amawayerekeza kufika 100,000. Courtney tsiku limenelo ankadandaula mutu, Hanlan anatsogola kuyambira pachiyambi, ndipo Courtney asanafike n'komwe pokhotera anasiya kupalasa n'kutembenuza bwato kubwerera. Choseketsa n'choti anthu amene anali kumapeto atamuona akubwera yekha kutsogolo anayamba kukuwa poganiza kuti akutsogola, ena mpaka kubetcha mothamanga. Hanlan anakazungulira chizindikiro bwinobwino, anabwerera, n'kudzamupitiriranso.

Apa ndiye dzina linathera. Mwezi wa November chaka chomwecho Hanlan anapita ku London n'kukagonjetsa Edward Trickett wa ku Australia pa mtsinje wa Thames, kukhala katswiri wa dziko lonse lapansi, ndipo anausunga ukatswiriwo mpaka 1884 pamene William Beach anamulanda ku Sydney. Courtney anapitiriza kupikisana zaka zingapo ndipo mipikisano yambiri ankapambana ndithu, koma ukatchula dzina lake anthu ankangokumbukira sowo ndi mutu wowawa.

Nanga yunivesite inamulemba bwanji ntchito munthu wa mbiri yotere?

Cornell ili ku Ithaca, kumapeto a kum'mwera kwa nyanja ya Cayuga yomwe ija, ndiye kwa iwo Courtney sanali munthu wa m'nyuzipepala, anali mnansi amene ankamuona akupalasa kuyambira kale. Mu 1883 ana asukulu anamuitana kuti awathandize kwa masiku 10 okha mpikisano usanachitike. Timu ya anthu anayi imene anaiphunzitsayo inakapambana pa nyanja ya George. Anapitiriza kumuitana, ndipo patapita zaka zingapo inakhala ntchito yokhazikika.

Panali odandaula, makamaka ochokera ku masukulu akale onyada ngati Yale ndi Harvard, amene ankaona kuti ana a mabwana sayenera kuphunzitsidwa ndi munthu wopalasira ndalama, ndipo kwa zaka zambiri ankazemba kupikisana ndi Cornell. Atakumana mu 1897 pa mtsinje wa Hudson, Harvard itachita kuitanitsa kochi wochokera ku England, Rudolph Lehmann, Cornell inawakwapula onse awiri.

Anapambana zochuluka bwanji ngati kochi?

Mpikisano waukulu wa mayunivesite unayamba mu 1895 ku Poughkeepsie pa mtsinje wa Hudson, oyambitsa ake anali Cornell, Columbia ndi Pennsylvania, mtunda wake mamailosi 4. Pa mipikisano 24 ya mabwato a anthu 8 imene inachitika iye ali kochi, Cornell inatenga 14. Kuyambira 1909 mpaka 1912 inapambana zaka zinayi zotsatizana. Mu 1901 anyamata ake anamaliza mamailosi 4 aja m'mphindi 18 ndi masekondi 53, nthawi imene inakhala zaka zambiri osaphwanyidwa. Amene ankamuvutitsa kwenikweni anali Pennsylvania ya Ellis Ward, imene inapambana 1898, 1899 ndi 1900, komanso Syracuse ya James Ten Eyck. Onse awiriwa analinso akale opalasira ndalama, ndiye muone kuti masewera aja atafa chifukwa cha chinyengo, luso lake linathawira ku masukulu kudzera mwa anthu omwewo amene ankanyozedwa.

Ankaphunzitsa chiyani chosiyana ndi ena?

Kapalasidwe kake kanali kodalira miyendo. Msana ukhale wowongoka, osaweramira kutsogolo mopitirira kapena kugonera kumbuyo kwambiri, kukankha ndi miyendo mwamphamvu nkhafi ikangolowa m'madzi, manja achoke msanga pamimba nkhafi ikatuluka, koma mpando ubwerere kutsogolo pang'onopang'ono. Mfundo yomalizayi ndi imene ambiri amalephera. Anthu 8 akathamangira kutsogolo pa mipando yawo nthawi imodzi, kulemera kwawo kumakankhira bwato m'mbuyo, limachita ngati lagwidwa mabuleki pakati pa kukoka kulikonse. Akabwerera mofatsa bwato limapitiriza kutsetsereka pansi pawo iwo akupuma. Ndiye timu ya Courtney ukaiona patali inkaoneka ngati yaulesi, ikukoka mochepa pa mphindi kuposa anzawo, koma ikuwasiya.

Ndipo apa pali chinthu chimene chimandisangalatsa. Kapalasidwe kameneka, kotalika, kodekha, kodalira miyendo ndi mpando, ndi komwe Hanlan anamugonjetsera nako. Munthu amene wakhala kumbuyo kwa mnzake mamailosi 5 amakhala ataphunzira kanthu ngakhale asavomere pagulu.

Nthawi yozizira madzi akaundana anyamata ankaphunzira m'nyumba pa makina opalasira, kukafunda n'kutsikira kumadzi, iye akuwatsatira pa boti la injini akukuwa. Ankajambulanso zithunzi kuti munthu adzionere yekha pamene akulakwitsa, chifukwa wopalasa aliyense amakhulupirira kuti msana wake ndi wowongoka mpaka ataona chithunzi.

Akuti anali wankhanza, ndi zoona?

Wankhanza mwina ayi, koma wosanyengerera inde. Mowa ayi, fodya ayi, kugona mochedwa ayi, ndipo amene sakukhoza m'kalasi ankamutsitsa m'bwato. Sankasamala kuti bambo ako ndi ndani kapena kuti chaka chatha unali katswiri, akaona kuti wayamba kudzimva ankakuika ku bwato lachiwiri n'kukweza mwana wosadziwika. Sankafunanso kuti akuluakulu a sukulu kapena akale a timu azimuuza woti akwere, bwato linali lake.

Nkhani imene imakambidwa kwambiri ndi ya keke ya sitiroberi. Anyamata angapo a timu yoyamba anadya keke imeneyi pamene anali ataletsedwa zotsekemera mpikisano uli pafupi, mdala atamva anawatsitsa n'kuika ena, ndipo olowa m'malowo anakapambana. Keke chabe abale. Koma mukakumbukira kumene munthuyu anachokera, dziko la tiyi wothira mankhwala, alonda othawa pa ntchito ndi anthu onong'onezana za ndalama kuseri, mukhoza kumvetsa chifukwa chake sankafuna ngakhale kamng'alu kakang'ono pa anthu ake. Ana ambiri amene anawaphunzitsa ankamukonda zedi ngakhale ankamuopa.

Anapitako ku England?

Anapita mu 1895 ndipo sizinayende. Anatenga timu ya Cornell kupita ku Henley, mpikisano wotchuka wa pa Thames, kukalimbirana chikho cha Grand Challenge. Pa mpikisano woyamba anakumana ndi Leander, kalabu yolemekezeka kwambiri kumeneko. Woyambitsa atafunsa ngati onse akonzeka, a Leander ena anati ayi, koma iye sanamve n'kulamula kuti ayambe. Cornell inanyamuka, Leander inatsala pomwepo, ndipo Cornell inapalasa yokha mpaka kumapeto n'kupatsidwa chipambano. Mwa malamulo sanalakwe, koma Angelezi anakwiya kwambiri, amati anthu aulemu akanaima n'kubwerera. Tsiku lotsatira anyamata a Cornell anagonja kwa Trinity Hall, koleji ya ku Cambridge, anyamata ena atatheratu mphamvu asanafike kumapeto, ndipo anthu kumtunda anasangalala ngati ukwati. Taonani tsoka lake munthuyu, mpikisano wina wa bwato limodzi likuyenda lokha, ulendo uno lake.

Kumbukiraninso kuti ku Henley nthawi imeneyo malamulo ankaletsa aliyense wogwira ntchito yamanja kupikisana nawo, makaniko, mmisiri kapena wa ganyu, ndipo lamuloli linachotsedwa cha kumapeto kwa m'ma 1930. Ndiye kalipentala wopalasira ndalama akubwera ndi ana ayunivesite, sanamulandire ndi manja awiri kuyambira pachiyambi. Iyenso sanathandize, ankabisa anyamata ake osafuna kuti azicheza ndi matimu ena. Atabwerera kwawo anatalikitsa kakokedwe ka nkhafi n'kuchepetsa kupupuluma, ndipo zipambano zambiri zija zinabwera pambuyo pa ulendo umenewu.

Nanga Hanlan anathera kuti?

Nayenso anadzakhala kochi. Mu 1897 anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Toronto, anakhalakonso khansala wa mzindawo, kenako mu 1900 anapita ku Columbia ku New York. Columbia inkapikisana ku Poughkeepsie komwe kuja, ndiye adani akale aja anapezekanso pa mtsinje umodzi, aliyense ali pa boti lake akuyang'ana ana ake. Mu 1901, 1902 ndi 1903 Cornell ndi imene inapambana. Hanlan luso linali m'thupi mwake, kulichotsa kuti alipatse anthu ena 8 inali nkhani ina. Anamwalira ndi chibayo pa 4 January 1908 ali ndi zaka 52, anthu masauzande anapita kukaona thupi lake, ndipo chipilala chake chili pa zilumba za Toronto pa malo otchedwa Hanlan's Point.

Courtney anamwalira bwanji?

Mu 1915 ali m'sitima yapamtunda kupita ku Poughkeepsie ndi timu yake, sitimayo inagwedezeka mwadzidzidzi iye n'kumenyetsa mutu. Anaibisa nkhaniyo, anapitiriza kukonzekeretsa anyamata akumva ululu, ndipo madokotala atadzamuyeza anapeza kuti chigaza chinang'aluka. Cornell inapambana chaka chimenecho. Munthu yemwe uja amene dziko lonse linamuseka kuti wathawa mpikisano chifukwa cha mutu.

Thanzi lake silinabwererenso bwino, ntchito yambiri anaisiyira omuthandiza, ndipo kuyambira 1917 mpaka 1919 mpikisano waukulu uja sunachitike chifukwa cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1920 unabwerera, ndipo chaka chimenecho unachitikira pa nyanja ya Cayuga pakhomo pake penipeni, Syracuse ya Ten Eyck n'kupambana. Patangotha milungu yochepa, pa 17 July, anali ku kanyumba kake kopumulirako pa Farley's Point, kufupi ndi Union Springs kumene anabadwira. M'mawa anali panyanja, atabwerera kunyumba anagwidwa ndi sitiroko, ndipo mkazi wake ndi amene anamupeza. Anali ndi zaka 70.